Kumasula Ball Joint Pakhomo: Mmene Ntchitoyi Yasinthira ku Leicester

Ball joint ndi chitsulo cholumikiza chigawo chogwira tayala lakutsogolo ndi mkono wachitsulo wa kunsi kwa galimoto, ndipo chimapangidwa ndi mpira wachitsulo wozungulira m'chikho chodzaza girisi, kotero kuti tayala limakwera ndi kutsika pa mabampu kwinaku likukhota woyendetsa akapotoza chiwongolero. Pampirawo pamatuluka ndodo yosongoka pang'ono yomwe imalowa m'bowo lopanikiza, ndipo nati ikamangidwa zitsulozi zimagwirana ngati msuka wa khasu mumpini, moti kumasula nati kokha sikuzilekanitsa. M'chigawo cha East Midlands ku England, komwe kuli mzinda wa Leicester, vutoli limakula chifukwa cha mchere womwe amawaza m'misewu nyengo yachisanu pofuna kuti madzi asaundane, pakuti mcherewo umabala dzimbiri lomata zitsulo.

Mbadwo wakale unaiona ntchitoyi ikuchitikira poyera. M'zaka za m'ma 1970 mzinda wa Leicester unalandira mabanja ambiri a amwenye, ena othamangitsidwa ku Uganda ndi Idi Amin mu 1972, ena ochokera ku Malawi komwe boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linawaletsa kuchita malonda kumidzi, ndipo ambiri mwa otsirizawa ankalankhula Chichewa. Anakhala m'madera monga Highfields, Spinney Hills ndi Belgrave, komwe nyumba ndi zogundizana m'mizere yopanda garaja, choncho galimoto inkakonzedwera m'mphepete mwa msewu Loweruka, anansi akubwerekana jeke ndi masipanala. Galimoto ya Mini, yomwe inatuluka mu 1959, inali ndi timabowo tothirira girisi pa ball joint iliyonse, ndipo ikayamba kugwedera mwini wake ankachotsako timawashala topyapyala tomwe tinkaikidwa pansi pa chivundikiro chake mpaka kugwederako kutatha. Chitsulo chimodzi chinkasamalidwa zaka zambiri chisanatayidwe.

Njira zolekanitsira zinali ziwiri, ndipo zonse zinkadalira mphamvu. Yoyamba inali ya nyundo ziwiri: ina inkatsamizidwa kuseri kwa chitsulo chokhala ndi bowo, ina n'kumenya mbali inayo mwamphamvu, kuti bowolo lifinyike kwa kamphindi ndi kulavula ndodoyo. Odziwa ankasiya nati itagwira pang'ono kumapeto kuti mkono usafwamphuke, ndipo sankamenya ndodoyo mwachindunji poopa kuphwanya mazinga ake. Yachiwiri inali ya chitsulo cha mphanda chokhuthala kumbuyo, chomwe chinkakhomedwa pakati pa zitsulo ziwirizo mpaka zitakanganuka. Chinkafulumiza ntchito, koma kawirikawiri chinkang'amba kathumba ka labala koteteza girisi ku madzi ndi mchenga.

Kusintha kunayambira kufakitale. Pamene Toyota inkatsegula fakitale yake ku Burnaston, pafupi ndi Derby, mu 1992, timabowo ta girisi tinali titasowa kale pa magalimoto ambiri aang'ono, chifukwa ball joint inayamba kutsekeredwa girisi wake kamodzi kokha kuti ikatha ingotayidwa. Pa magalimoto ena imakhomeredwa kumkono ndi misomali yomwe siichoka popanda kuiboola, pa ena imadindidwira mkati ndi makina, moti ogulitsa masipeya amapereka mkono wonse pamodzi ndi malabala ake. Zigawo zina tsopano ndi za aluminiyamu, chitsulo chopepuka chomwe chimatha kusweka chikamenyedwa, ndipo pafupi pomwepo pamadutsa waya wa ABS, makina oletsa matayala kukwakwaza munthu akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Pa chifukwa chimenechi nyundo yapereka malo kwa chida chopanira chokhala ndi bawuti, chomwe chimakankha ndodoyo pang'onopang'ono mpaka itaphulika phokoso n'kumasuka, labala osang'ambika.

Malamulo nawo anakhwima. Kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kotchedwa MOT, komwe n'kofanana ndi COF ya ku Malawi, kunayamba mu 1960 pa magalimoto opitirira zaka 10, ndipo mu 1967 malirewo anatsitsidwa kufika pa zaka 3. Kuyambira mu May 2018 zolakwika zimagawidwa m'magulu atatu, zazing'ono, zazikulu ndi zoopsa, ndipo kathumba ka labala kong'ambika kolowetsa mchenga n'kokwanira kulepheretsa galimoto. Motero chitsulo cha mphanda chimangoyenera pamene ball joint yakaleyo ikukatayidwa. Lamulo la Clean Neighbourhoods and Environment Act la mu 2005 linaletsanso kukonza magalimoto pamsewu ngati bizinesi, ngakhale munthu amaloledwa kukonza yake malinga ngati sakusowetsa mtendere anansi, ndipo kuchuluka kwa magalimoto oimikidwa m'misewu yopapatiza kunachepetsa malo ogona pansi pa galimoto mosaopa.

Gwero la nzeru linasinthanso. Kale m'nyumba zambiri munkapezeka buku la Haynes lodetsedwa ndi zala za oyilo, la kampani yomwe John Haynes anaikhazikitsa mu 1960, koma mu 2020 kampaniyo inalengeza kuti isiya kusindikiza pa pepala mabuku a magalimoto atsopano. Wachinyamata wa lero amaonera kanema wa YouTube pafoni yotsamira tayala, ndipo amaona bwino kuposa mmene chithunzi cha m'buku chinkaonetsera, koma kanema samva kulira kwa chitsulo chomwe chatsala pang'ono kumasuka, ndiponso sangakalipire mnyamata wolowa pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha popanda zochirikiza, monga ankachitira mkulu wa nyumba yoyandikana.

Mmalawi wofika ku Leicester m'zaka zaposachedwa amapeza zinthu zitatembenuka. Ku Ndirande kapena ku Mchesi sipeya ndiye wokwera mtengo pamene dzanja la makaniko n'lotsika, choncho chitsulo chimakonzedwa mpaka chitatheratu. Ku England sipeya amapezeka tsiku lomwelo pa mtengo wofikirika, koma ola limodzi la makaniko likhoza kuposa mtengo wa chitsulocho. Wokonza pakhomo wa lero akupulumutsa ndalama ya dzanja, pamene wa kale ankapulumutsa chitsulo, ndipo ngakhale amalize bwino, ayenera kupitabe kugaraja kukawongoletsa matayala pa makina, chifukwa mkono watsopano umatha kusuntha kaimidwe kake n'kudyetsa tayala mbali imodzi. Luso lofunika kwambiri tsopano ndi kuyang'ana pansi pa galimoto ntchito isanayambe, n'kuzindikira ngati ball joint yake ndi ya mabawuti, yomwe munthu angaisinthe pakhomo, kapena ndi yodindidwa, yomwe imafuna makina a kugaraja.