Si Mwanayo Amene Amatilemera

Kwathu ku Guilleme, m'boma la Mchinji, tikulera mdzukulu wa zaka 7 amene sanatitchulepo kuti agogo. Tikamuitana satembenuka, chonsecho makutu ake ndi abwino, pakuti phokoso la chigayo limamuliza. Madzulo alionse amandandalika zitsononkho pakhonde, ndipo wina akasuntha chimodzi, usiku umenewo sitiona tulo.

Kuchipatala anatiuza kuti vutoli ndi otizimu: ubongo wa mwana umakula mwa njira yakeyake, kotero kuti kulankhula ndi kuseŵera ndi anzake kumamuvuta. Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, analifotokoza m'chaka cha 1943. Silibwera ndi ufiti kapena katemera, ndipo palibe mankhwala olichiza. Koma mwana wotere amaphunzira ndithu akapeza womuphunzitsa moleza mtima.

Tsono chimene chatilemera koposa ndicho pakamwa pa anthu. Chaka china titakolola mtedza wambiri, kunamveka manong'onong'o akuti tinakhwimira mdzukuluyo. Amayi ake analeka kupita ku Chigwirizano, kumsika, ngakhale kumaliro, poopa maso a anthu. Munda wawo unamera thengo, popeza panalibe womusiyira mwana.

Nafenso tili ndi mlandu. Tagwira choko zaka zambiri, ndipo sitiiŵala ana ena amene tinkawakhazika kumbuyo, tikumati ndi amwano. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, makalasi anadzaza kwambiri, ndipo mwana wosalankhula ankangotayika m'chigulu. Aphunzitsi a ana otere amaphunzitsidwa ku Montfort, m'boma la Chiradzulu, koma safika pa sukulu iliyonse.

Thandizo lathu linachokera pafupi. Mayi wina wamasiye woyandikana nafe anayamba kubwera Lachitatu lililonse kudzakhala ndi mwanayo. Anaphunzira kusakhudza zitsononkho zake ndi kulankhula naye motsitsa mawu. Tsiku limenelo amayi ake amapalira, amakagayitsa, amagonako masana. Mwezi watha mwanayo anagwira dzanja la mayiyo namutsogolera kumtsuko, pofuna madzi. Tinayang'anana, misozi ili m'maso.

Abale, ngati m'mudzi mwanu muli nyumba yotere, musafunse chimene makolo analakwa. Pitani mukafunse tsiku limene mungawakhalireko ndi mwana.