Benz ya agogo kapena ya malume?

Ife amene tikuwerenga miyezi kuti timalize digiri sitilota galimoto yatsopano. Imeneyo tinawasiyira mabwana a m'mabungwe. Timalota zakale zooneka mwaulemu, ndipo mkangano umene sutha pakati pathu ndi wa Mercedes-Benz ziwiri: W123, imene inayamba kugulitsidwa mu 1976, ndi W124, imene inalowa m'malo mwake chapakati pa zaka za m'ma 1980. Zonsezi ankazilumikizanso ku East London, ku South Africa, zachiwongolero chakumanja ngati zathu zino.

Mtima wanga uli pa W123, makamaka 240D ya dizilo. Anapanga W123 zoposa 2.6 miliyoni, ndipo ku Morocco zinagwira utakisi zaka zambirimbiri, zitadzaza anthu ndi katundu. Injini yake ilibe kompyuta. Pampu ya mafuta imayenda ndi injini yomweyo, moti ikangolira sifunanso magetsi kuti ipitirize. Chimaizimitsa ndi kapaipi kokoka mpweya, ndiye kakabooka mumazula kiyi galimoto ili chilirire. Mumatsika, kutsegula boneti, n'kukanikiza kachitsulo kolembedwa STOP. Makaniko wa pansi pa mtengo amaimvetsa galimoto yotere pongoimvera kulira kwake.

Koma tikunena za galimoto ya tsiku ndi tsiku, yopitira ku ntchito Lolemba, kumaliro kumudzi Loweruka. Apa ndiye ndimasiyana ndi anzanga. W123 yaing'ono kwambiri msinkhu ili ndi zaka pafupifupi 40. Injini ingakhale yamoyo, koma dzimbiri limakhala litadya pansi pa batire ndi pamene pamalowa jeke, ndipo malabala a m'zitseko ndi m'magalasi anauma kalekale. Mvula ya Januwale mumaimva kumapazi. Mphamvu za 240D ndi mahosipawa pafupifupi 72 basi, pa galimoto yolemera choncho. Yesani kupitirira thiraki pa M1 basi ikubwera kutsogolo, kapena kukwera Chiweta muli anthu asanu ndi thumba la mpunga. Zambiri zilibe ABS, zilibenso airbag. Pa misewu yathu, pamene njinga za kabaza, mbuzi ndi maenje zimakudzidzimutsa nthawi imodzi, nkhani imeneyi si ya kukongola, ndi ya moyo.

W124 siichititsa anthu kutembenuka ngati mkulu wake. Ngakhale waipala ili nayo imodzi yokha. Koma imaima bwino mukaponda buleki, imadula mphepo mosavuta, ndipo tayala lililonse lakumbuyo limagwiridwa ndi zitsulo zisanu, ndiye pakona siyendayenda. Ilinso ndi msampha wake. Zambiri zomalizira, za cha m'ma 1993 mpaka 1995, pamene dzina linasintha kukhala E-Class, zinaikidwa mawaya a pa injini okutidwa ndi pulasitiki yofumbutuka ikatenthedwa zaka zambiri. Mawaya akayamba kukhudzana, galimoto imachita ngati yalodzedwa, ndipo makaniko uja wa pansi pa mtengo amangosintha ichi ndi icho ndalama zanu zikupita. Choncho "yatsopanoko" si yabwino nthawi zonse. Ine ndingasankhe ya pakati, 230E kapena ya dizilo ya chakumapeto kwa ma 1980: yotetezeka kuposa ya agogo, koma isanadzaze zamagetsi.

Pali amene anganene kuti, "Mphwanga, gula Corolla ugone tulo." Sakunama. Sipeyala za Corolla mumazipeza mu Ndirande dzuwa lisanafike paliwombo, pamene za Benz nthawi zambiri mumadikira wobwera nazo ku Joni, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi randi chimaluma. Kwa munthu wa malipiro oyamba, amene kwawo akumuyang'anira fizi ya mng'ono wake, galimoto yokhala sabata zitatu pa garaja ndi ngongole yokhala ndi matayala.

Komabe ngati mwatsimikiza kuti ndi Benz basi, musayambire kuona penti kapena kumvera wogulitsa. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, muimve mmene ikudzukira ili yozizira. Tukulani makapeti mugwire pansi ngati pali chinyezi. Ikakhala W124, pindani pang'ono waya wa pafupi ndi injini muone ngati chokutira chake chikuthetheka.