Ng'ombe zadothi pambali pa mafuwa

M'mawa uno ndalowa m'khitchini kwa apongozi kuno kwa Pembamoyo kukaotha moto, chifukwa chisanu cha Julayi sichikuseka ndi munthu. Ndapeza ana asanu atazungulira mafuwa, sukulu kulibe masiku awiriwa a tchuthi cha Heroes ndi Unity, koma onse ali zii, manja okha ndiwo akuyenda.

Atsikana atola zitsononkho zomwe tinataya dzulo potonola chimanga, aziveka tizidutswa ta chitenje, ndevu za chimanga ndiye tsitsi. Wina wabereka kale "mwana" wake kumbuyo. Mnyamata wamkulu akusenda phesi: khungu lolimbalo walipinda ngati waya, mtima wofewawo waudula tizidutswa tolumikizira, basi magalasi atha, wavala, ati ndi aphunzitsi tsopano!

Wamng'ono ndiye wandigwira mtima. Dothi lapachulu walikanda ndi madzi ofunda, waumba ng'ombe ziwiri za malinunda, nyanga zake ndi minga. Ndimati ndiziyandikize kumoto kuti ziume msanga, iye nkuti, "Ayi amalume, zing'aluka. Ziume pang'onopang'ono." Ndani anamuphunzitsa? Mawa akuti apanga ngolo, matayala ake zitsekerero za mabotolo.

Palibe ngwee yomwe yatuluka m'thumba. Ine ndinali ndi foni m'manja, ndachita kuibisa ndi manyazi.

Anzanga, chidole chanu choyamba munapanga ndi chiyani, waya, dothi kapena mapesi? Nanga ana anu akudziwabe zimenezi?