Nsanja Yosatopa Kuitana

Foni ikakhala m'thumba sikuti imagona tulo tofa nato. Pa netiweki ya 4G, nsanja ya mafoni imalengeza maulendo 1,000 pa sekondi iliyonse kuti uthenga ukubwerawu ndi wa ndani, uli pati, komanso ndani waloledwa kutumiza wake. Njira yoperekera malangizo imeneyi akatswiri amaitcha PDCCH. Zili ngati pabenchi ya kuchipatala, pamene aliyense amatchera khutu mayina akamaitanidwa koma amanyamuka akamva lake lokha. Zimenezi ndazimva chaposachedwapa kwa mnzanga wina wa ntchito zamafoni, ndipo kuyambira tsikulo nkhaniyi yandikhala pamtima.

Iye anandionetsa kachipangizo kokwana pansonga ya chala, kamene amaika m'mamita a madzi. Mita yotere imafunika ikhale yotchipa, batire lake likhale zaka 10 osasintha, chonsecho nthawi zambiri imakhala m'dzenje lovundikira ndi chitsulo. Apa ndiye pagona vuto. Malangizo a PDCCH amamwazidwa pampata wonse wa mafunde a nsanja, umene umafika 20 MHz. Foni yamakono imamvetsera ponsepo bwinobwino, koma kachipangizo kotchipa sikangathe. Dzina lake lingaitanidwe iko osamva kanthu.

Bungwe la 3GPP, limene limakhazikitsa malamulo a netiweki za mafoni padziko lonse, linapereka yankho mu 2016 m'mpambo wa malamulo wotchedwa Release 13. Pa 4G linakonza njira ziwiri. Ya LTE-M imagwiritsa ntchito 1.4 MHz, ndipo malangizo ake amadzera pa MPDCCH. Ya NB-IoT ndiyo yandigwira mtima kwambiri, chifukwa zonse zimachitikira pa 180 kHz basi, kampata kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 100 a 20 MHz aja. Malangizo ake amadzera pa NPDCCH, ndipo ndi afupi zedi: ma bit 23 okha akwanira kuuza mita nthawi ndi malo olandirira uthenga.

Nanga mita ikakhala pansi pa dzenje imamva bwanji? Nsanja sikweza mawu ayi, imangobwereza. Lamulo limodzimodzilo ikhoza kulitumiza mpaka maulendo 2,048. Ulendo uliwonse kachipangizoko kamangotola kachidutswa kosamveka, kosakanikirana ndi phokoso, koma kamasunga n'kumaphatikiza mpaka uthenga utamveka. Cholinga cha okonzawo chinali choti kazimva siginolo yofooka maulendo 100 kuposa imene netiweki yakale ya GPRS inkatha kumva. Ndinadzionera ndekha mnzangayo atakatsitsira m'dzenje n'kubwezerapo chivundikiro. Tinayang'anitsitsa pa laputopu, panali zii kwa kanthawi, kenako manambala a mita aja anatulukira. Ndinachita kuwomba m'manja.

Nzeru ina ndi yodikira. Pa 4G wamba, malangizo ndi uthenga weniweniwo zimabwera nthawi imodzi, choncho foni imayenera kusunga zonse kwinaku ikufufuza ngati muli zake. Pa NB-IoT, nsanja ikatha kupereka malangizo imadikira mamilisekondi osachepera 4 isanatumize uthenga. Kampata kameneka kamapatsa kachipangizo danga lomvetsa kaye zimene kauzidwa, motero sikafuna ubongo wodula. Ndiponso kamaloledwa kugona pafupifupi maola atatu kasanadzukenso kudzamvera ngati kaitanidwa. Mu 2018, Release 15 inawonjezera kachizindikiro kodzutsira, kuti kasamawononge batire pomvetsera malangizo pamene palibe chake.

Kuleza mtima kumeneku kuli ndi mtengo wake. Pamene nsanja ikubwerezera mita imodzi, zipangizo zina zimakhala pamzere. N'chifukwa chake zimagawidwa m'magulu mpaka atatu potengera mmene zikumvera, kuti chapafupi chiuzidwe mwachidule, chakutali chibwerezeredwe kambiri. Kampani ya Vodafone inayamba kugulitsa NB-IoT ku Spain mu Januwale 2017, ndipo lero mamita, masensa a m'minda ndi zoyezera zina zambiri zikudalira njira imeneyi.

Tinazolowera kumva kuti luso la mafoni ndi liwiro basi, 4G kenako 5G. Koma apa akatswiri anayambira pa kachipangizo kofooka koposa zonse, n'kusintha kalankhulidwe ka nsanja kuti nakonso kamve. Wophunzira aliyense wa zaumisiri amene akufuna kuona luso logwiritsa bwino ntchito zochepa, ayambire pa NPDCCH.