Kufiira kwa Kwathu

Mu Disembala dzuwa la ku Glasgow limatuluka nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, ndipo 4 koloko isanakwane lalowa kale. Kutuluka kwakenso ndi kwa dzina chabe. Kumangoyera mbuu kuseri kwa mitambo, ngati munthu wayatsa nyali m'chipinda china n'kutseka chitseko. Ndimadzuka kuli mdima, ndimavala majuzi awiri ndi jekete, n'kunyamula chikwama chathyathyathya cha mapepala, chomwe mphepo ya mumsewu wa Sauchiehall imalimbana nacho njira yonse. Ndine mwana wa ku Dedza ine, kuzizira ndimakudziwa. Mu Juni kwathu madzi a m'ndowa amaluma zala, nkhungu n'kukuta phiri lonse. Koma kwathu ukapirira pang'ono dzuwa limabwera, anthu n'kutuluka kukaliothera kukhonde atafunda zitenje, ana ali ndi mbatata yootcha m'manja. Kuno ukapirira umangoona kuti kwadanso.

Chino ndi chaka changa chachiwiri pa sukulu ya zojambulajambula. Lolemba m'mawa timajambula ndi makala. Makala akuno ndi timitengo ta msondodzi totentha bwinobwino, towonda ngati udzu wofolera, togulitsa m'kabokosi kapepala. Tsiku loyamba nditagwira kamodzi, kanathyoka m'zala, zala zanga n'kuda bii, ndipo pomwepo ndinapezeka ndili pakhonde la agogo. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Iwo anali atakhalira kuzira khondelo m'mawa wonse, atagwada, mtsiro uli m'beseni, kenako n'kulikulungiza ndi nkhulungo mpaka linasalala. Litauma ine ndinatola khala pa mbaula n'kujambulapo nkhuku ndi anapiye ake asanu ndi awiri. Amayi anathyola kamtengo. Agogo anawaletsa, anayang'ana nkhukuyo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Msiyeni mwanayu. Taonani mmene yapendekera mutu, ikumvera kabawi imeneyi." Nkhukuyo inakhala pakhondepo mpaka tsiku lozira lina.

Pa phunziro la Lolembali pamabwera munthu woti tizimujambula. Amaima pakati pa chipinda osavala, zotenthetsera zamagetsi zitamuzungulira, ife tili ndi mapepala akuluakulu pa matabwa oimika. Poyamba amasintha kaimidwe mphindi ziwiri zilizonse, kenako zisanu, pomaliza n'kukhala osagwedezeka kwa mphindi 40. Kwa ine, wokulira komwe thupi la munthu wamkulu suliyang'ana, masabata oyamba anali olemera. Maso anga ankathawira pansi, choncho ndinkajambula mapazi. Mphunzitsi wathu, mayi wachikulire wolankhula motsitsa mawu, anandisonyeza kuyeza: kutambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, n'kuona kuti mutu wa munthuyo ukulowa kangati mu msinkhu wake. Kwa anthu ambiri umalowa kasanu ndi kawiri ndi theka. Kuyezako kunandithandiza, chifukwa ukamawerengera, manyazi amachepa. Koma tsiku lina anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti mapazi ndajambulawa ndi a ndani. Nditayang'ana, mapazi a munthu anaima uja anali osalala, oti sanapondepo chisoso kapena mwala wotentha. A pa pepala langa anali otambalala, zala zotayana, ndi ming'alu ku zidendene. Anali a amayi anga. Maso anali kuno, koma dzanja linali litapita kwawo osanditsanzika.

Chomwe chandisautsa kwambiri chaka chino ndi utoto. Lachitatu timapenta. Utoto wake umabwera m'timachubu, ndipo kalikonse kali ndi dzina lake: yellow ochre, raw sienna, burnt sienna, raw umber. Mayinawa ndinkawaloweza ngati mayina a mankhwala, mpaka tsiku lomwe anatifotokozera kuti onsewa chiyambi chawo ndi dothi. Mtundu wake umachokera ku dzimbiri la chitsulo lomwe lili m'nthaka. Sienna anatenga dzina ku mzinda wa Siena ku Italy, ndipo dothi lakelo likakhala laliwisi limaoneka lachikasu moderako, koma akaliwotcha limafiira. Anzanga ankalemba m'makope. Ine ndinkaona uvuni ya njerwa kuseri kwa nyumba ya amalume, utsi ukufuka usiku wonse, anyamata akusonkhezera zikuni, ndipo patapita masiku njerwa zomwe zinalowa zotuwa zikutuluka zofiira. Ndiye kuti zimenezi kwathu timazidziwa kale. Katondo yemwe amatidetsa masokosi, yemwe amayi amadandaula naye akamachapa yunifolomu, ndi m'bale wake wa kachubu komwe ndimakafinya mosamala kuopa kuti kangathe mwezi usanathe.

M'Chichewa mayina a mitundu si ambiri. Chofiira ndi chofiira: magazi, tomato, njerwa, dothi, nkhuku, maso a munthu wolira. Koma tili ndi njira yathu yowonjezera. Chinthu chimafiira kuti psuu, chimayera kuti mbee, chimada kuti bii, munda umabiriwira kuti biriwiri. Ndikuona ngati mawu amenewa amanena zomwe kachubu sikanganene, chifukwa amanena mmene mtunduwo wakumenyera m'maso.

Kumayambiriro kwa temu anatipatsa ntchito yopenta malo omwe tikuwakumbukira, popanda chithunzi choonera. Ine sindinachedwe kusankha. Ndinasankha kamsewu kafumbi kopatuka pa M1 kupita kumudzi kwathu, mu Okutobala, masana, mvula isanagwe. Ndinakoka chinsalu pa thabwa, ndinachipaka choyera choyambira, n'kuyamba kusakaniza. Burnt sienna yekha anali wakuda kwambiri. Nditathirako yellow ochre unasanduka matope. Nditathirako kofiira kowala unakhala ngati chiwindi cha mbuzi. Nditathirako koyera unakhala ngati sopo. Masabata atatu ndinali pa ntchito imeneyi, zovala zonse zikununkha mafuta osungunulira utoto, ndipo m'kope langa muli masamba asanu odzaza timabokosi tofiira, kalikonse ndi kalembera wake wa zomwe ndinasakaniza. Palibe ngakhale kamodzi komwe ndingaponde n'kunena kuti ndafika.

Mphunzitsi anandiuza kuti vuto si utoto, ndi kuwala. Mtundu suima paokha. Umaoneka malinga ndi zomwe wayandikana nazo. Anandifunsa za mthunzi wa kwathu. Apo ndiye ndinalankhula Chingerezi chambiri kuposa tsiku lina lililonse. Ndinawauza kuti kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, mthunzi wa munthu n'kubisala kunsi kwa mapazi ake. Mthunzi wa mtengo wa mango umakhala wozungulira, wakuda, wa malire akuthwa ngati wodula ndi mpeni, ndipo mbuzi, ana ndi agogo onse amapanikizana momwemo. Kuno m'nyengo yozizira dzuwa limangokwawa m'munsi, mithunzi ndi yaitali ndi yofewa, masiku ambiri kulibe n'komwe. Iwo anati ndiike kaye mtengo wa mangowo ndi mthunzi wake, kufiirako kudzadzuka kokha. Ndinatero, ndipo zoonadi kunadzukako. Anzanga anachiyamikira. Koma ine ndikudziwa kuti msewu uja sunafikebe. Ulibe kutentha kolowa m'mapatapata, ulibe nyenje zolira mpaka makutu kuwawa.

Loweruka ndimakonda kupita ku Kelvingrove, nyumba yaikulu ya zojambula ndi zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 1901. Salipiritsa pakhomo, ndipo mkati mumafunda. Anaimanga ndi miyala yofiira, monga nyumba zambiri zakale za mumzinda uno, ndipo ikanyowa ndi mvula imaderako n'kufanana ndi katondo wa tsiku la mvula yoyamba. Nthawi zina ndimaima panja n'kugwira khoma lake ndi dzanja. Mkatimo, 1 koloko ikakwana, munthu amaimba limba lalikulu lomwe mawu ake amadzaza nyumba yonse, ine ndili pa benchi ndi kope langa. Tinauzidwa kuti kope lisamagone tsiku osajambulamo kanthu, ndiye lili ndi zonse: anthu ogona m'sitima yapansi panthaka, maambulera, milatho ya pa mtsinje wa Clyde, kapu yanga ya tiyi.

Muli chithunzi chimodzi chomwe ndimabwererako, cha James Guthrie, chosonyeza mwambo wa maliro ku mapiri a kumpoto kwa Scotland. Azibambo ovala zakuda aima panja mozungulira bokosi, mitu yawerama, kumwamba kuli kotuwa. Chapentedwa ndi mitundu yochepa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake chimagwira mtima. Chaka chatha, amalume aja a njerwa anatisiya, ine ndili kuno. Maliro awo ndinawamvera pa foni, mng'ono wanga ataikweza m'mwamba kuti ndimve amayi a chigwirizano akuimba. Nditakhala patsogolo pa chithunzichi sabata yotsatira, ndinachikopera m'kope ndi pensulo. Kumanzere kunatsala malo, ndipo ndinadzazamo azimayi atakhala pansi, miyendo atatambasula, mipango kumutu, moto wa pa siwa ukufuka chapatali. Ndinalira pa benchi pomwepo, anthu akudutsa mwaulemu osandiyang'ana.

Lachinayi ndi tsiku la kompyuta ndi zilembo, kukonza mapositala ndi maonekedwe a nsalu. Za zilembo sindinena zambiri, koma ndikamayeza mipata pakati pa A ndi V ndimakumbukira anyamata olemba zikwangwani pa maokala ndi mabalabashopu a pa boma, omwe amachita zomwezi ndi diso lokha, burashi yawo ili yothothoka. Ntchito yomwe inandigwedeza inali yokonza maluwa a nsalu obwerezabwereza. Posaka poyambira ndinapeza mu laibulale buku lokhala ndi zithunzi za m'mapanga a Chongoni. Kwathu kwenikweni! Malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija, mizere ndi zozungulira, ndi za Akafula, alenje akale omwe makolo athu anawapeza. Zoyera, zopaka ndi dothi loyera, ndi za Achewa. Ku Chentcherere ndinapitako kamodzi ndili ku pulayimale, ndipo sindinayang'anitsitse. Zimandipweteka kuti ndinachita kuwoloka nyanja kuti ndizione bwino, pa pepala, pansi pa getsi.

Ndinakonza nsalu yanga ndi zonse ziwiri, zofiira ndi zoyera. Pa tsiku lokhoma ntchito kukhoma kuti aliyense anenepo maganizo ake, anzanga anaikonda. Wina anati ingakhale bwino pa makatani ndi mapilo. Mawu amenewo anandilasa, ngakhale iye ananena ndi mtima wabwino. Zoyera zija si maluwa wamba. Zambiri ndi za ku chinamwali, zina ndi za kudambwe, zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo pali zina zomwe ine mwini sindiyenera kuzitanthauzira pagulu. Usiku womwewo ndinazichotsamo zonse. Nsaluyo inasauka, ndipo ndinayenera kufotokoza chifukwa chake m'Chingerezi chomwe chinkandithawa pakamwa, koma mtima unakhala pansi.

Tsiku lina pa siteshoni ya Glasgow Central ndinaona dzina la Blantyre pa bolodi la sitima, mtima n'kugunda ngati ndaona m'bale. Ndinakwera. Ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 20, kupita ku katawuni komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, komwe mzinda wathu unatengako dzina. Ndinajambula nyumba yoyera yomwe anabadwiramo, zala zitauma ndi chisanu, n'kubwerera kusanade. Kunalibe minibasi, kunalibe woitanira, kunalibe phiri la Ndirande.

Lamulungu lapitali ndinaimba foni kumudzi. Kwathu nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, ndiye anali atabwerako kutchalitchi. Mvula yagwa bwino, chimanga chafika m'mawondo, akuti mawa ayamba kubandira. Ndinapempha mng'ono wanga kuti atuluke panja aloze foni pansi. Anaseka, koma anatero. Chithunzi chinkaduka, kufiirako kukusanduka timabokosi, kenako n'kubwerera. Ndinamva agogo akufunsa chapatali kuti mwanayo akufuna chiyani.

"Akufuna aone dothi, agogo."

"Dothi? Kumeneko kulibe dothi?"

"Liliko agogo," ndinakuwa, "koma si ngati lathu."

Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anawerama, anatapa katondo wonyowa n'kumuyandikiza pa foni mpaka dzanja lawo linadzaza galasi lonse. Ndinaona mizere ya m'chikhatho mwawo itadzaza kufiira. Ndinatenga burashi msangamsanga n'kuyamba kusakaniza pa mbale, maso ali pa foni.

"Waona, mdzukulu wanga? Ndikusungira m'chitini. Udzapentere konkuno ukadzabwera."

Ndisanayankhe, mayunitsi a mng'ono wanga anatha. Panja pa windo magetsi a mumsewu anali atayaka kale. Ndinatsegula tsamba lachisanu ndi chimodzi, ndinapaka kabokosi kena, n'kulemba pansi pake tsiku ndi mawu akuti dzanja la agogo.