Big Brother ibweranso, koma wathu ali kuti m'nyumbamo?

Mwakaona ka diso kaja kayamba kuphethira pa TV? Ngati mwakaona, mudziwa kale matenda amene ndikamba. Season yatsopano ya Big Brother Naija ili pafupi, ndipo pa gulu lathu la WhatsApp la anzanga a ku Chimwemwe mkangano wayamba kale, pamene m'nyumba simunalowe munthu ngakhale mmodzi. Wina ati chaka chino sazavota, ni kutaya nthawi. Anakamba zomwezo chaka chatha, ndipo ndiye anatsiriza ma bundle kupambana tonse.

Naine sindizanama kwa inu. Ndalama ya dikoda ndinaipatula kale, ili mu envelopu pansi pa matilesi. Ba landlord ngati muwerenga, iyi nkhani si yanu.

Koma chaka chino pali kanthu kandibaya pa mtima, ndipo kanayamba ndi amai. Ndinawauza kuti pa Sondo madzulo TV izakhala yanga. Anandiyang'ana nati, "Muli wa ku Zambia?" Ndinati iyai, ni ya ma Nigerian chabe. Anati, "Manje uzatamba chani?"

Amai ali ndi chifukwa chofunsira tere. Mu 2003 ine ndinali ndi zaka zitatu, tinali kukhala ku Wusakile, atate akali kusewenza pa mgodi. Chaka chimenecho ndiye Big Brother Africa inayamba: anthu 12 ochokera m'maiko 12 anawatsekera m'nyumba imodzi ku Johannesburg masiku 106. Pa 7 September amene anatuluka womaliza, ndi madola 100,000 m'manja, anali Cherise Makubale, mtsikana wa zaka 24 wa kuno ku Kitwe. Mwisho wa ku Tanzania anakhala wachiwiri. Pambuyo pake Cherise anakaonana ndi Nelson Mandela.

Amai akamba kuti mu line mwathu dishi inali pa nyumba imodzi chabe, ndipo usiku wa fainolo anthu anadzala mpaka pa windo, ine ndili pa msana. Mukawafunsa chimene Cherise anawinira, sakamba za ma strategy. Ati, "Uja mwana anali kupyanga, anali kuphika, anali na ulemu." Kumbukirani kuti nthawi imeneyo akuluakulu ambiri anali kuiona ngati pulogalamu ya uve. Ku Malawi aphungu a nyumba ya malamulo anailetsa pa TV ya boma, mpaka khoti inachita kuwabweza. Ndiye kwa amai, mwana wa pa Kopala kulowa m'malo otere n'kutuluka osachititsa manyazi makolo, ndiye chikho chenicheni. Madola anali basela.

Ine yanga ndi ya 2014. Chaka cha kumbuyo kwake Cleo Ice Queen anali ataphonya pang'ono, anakhala wachiwiri kwa Dillish wa ku Namibia, ndiye Macky 2 atalowa mu Hotshots tonse tinati apa pena ni apa. Ndinali pa holide kwa ba aunty ku Lubuto, ku Ndola. Lero ndiulule: talk time yanu ija inali kusowa usiku, ba aunty, sanali ma network. Ndinali ine, kutuma ma SMS pansi pa bulangeti. Munakalipira mwana wanu, ine ndili zii kudya nsima. Macky 2 anafika mu fainolo, koma pa 7 December madola 300,000 anapita kwa Idris Sultan wa ku Tanzania. Ndinalira monga pali maliro.

Sitinadziwe kuti chitseko chatsekeka. Kuchokera pamenepo Big Brother Africa sinabwerenso. Ya Naija inauka mu 2017 ndi Ebuka, ya Mzansi ilipo, ndipo mu 2023 anachita Titans, ma Nigerian ndi ma South African okhaokha. Ife ntchito yathu yatsala kulipira, kutamba pa channel 198 ndi kuvota.

Ndipo ngakhale voti yathu inasintha kulemera. Mu Big Brother Africa dziko lililonse linali kuwerengedwa voti imodzi. Amene wapata mavoti ambiri mu Zambia watenga ya Zambia, amene wapata ambiri mu Nigeria watenga ya Nigeria, kulingana. Ndiye chifukwa chake kunali kukopana, ife tivotera wa ku Malawi kuti naonso atikumbukire sabata ya mawa. Manje mavoti onse aponyedwa m'dengu limodzi. Ife pa census ya 2022 tinali 19.6 miliyoni, iwo apitirira 200 miliyoni. Werengani mweka.

Musandimve molakwa, ya Naija iwama. Pati ya pa Chiweru, ndeu za pa nkhuku ya mu poto, zikondi za masabata awiri, zonse ndizifuna. Ndipo sindikhulupirira kuti kupyanga kungawinitse munthu lero. Masiku ano awina ndi amene ali ndi gulu lolimba pa Instagram ndi TikTok, lomumenyera nkhondo iye ali mtulo. Amai akamva izi agwedeza chabe mutu.

Chimene chindiwawa n'china. Pa ntchito yanga ndikumana ndi anyamata ndi atsikana amene kamera ingawakonde tsiku loyamba. Pali mnyamata wogulitsa ma charger pa Chisokone amene angakusekeseni mpaka mwaiwala chenji. Pali mtsikana woluka tsitsi ku Masala, pakamwa pake wailesi ichepa. Mu 2013 akanakaima pa mzere wa ma audition, mwina n'kupita, Africa yonse n'kudziwa dzina lao monga inadziwira la Cleo. Lero aika tuma vidiyo pa foni, tuma like 40, bundle yatha. Ndipo pa Sondo onse awiri azakhala maso pa TV, kukangana za munthu wa ku Lagos amene sadziwa ngati Kitwe ni tauni kapena ni dzina la nsomba.

Za malaiti sindikamba zambiri. Kuchokera chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba, aliyense wa mu komboni anaphunzira kukhala ndi pulani yachiwiri. Yathu ni barbershop ya pa kona, pali genset. Mwini wake ati aliyense abwere ndi K5 ya mafuta, ndipo wokamba za bola pa nthawi ya Ebuka atuluke panja. Ku Nigeria ikayamba 19 hours kuno ni 20 hours, musachedwe, mabenchi ni awiri chabe.

Amai ati iwo sazabwera, alibe nthawi yotamba ana a eni akusamba. Koma dzulo ndawapeza afunsa mlongo wanga ngati Ebuka uja akali kuvala zovala zake zodabwitsa, ndiponso ngati pa barbershop pali mpando wa msana.