Digiri ndinatsala pang'ono kuisiya panjira

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Nathenje. Digiri ndinkaifuna kuyambira kale, koma ndi ana pakhomo, zosiya ntchito n'kukakhala ku koleji sizikanatheka. Ndinalembetsa maphunziro a patali pa yunivesite ina.

Boma litatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ngakhale timasabata tokumana ndi aphunzitsi a ku yunivesiteyo maso ndi maso tinatheratu. Zonse zinatsalira pa tsamba la intaneti la sukuluyo. Tsambalo analikonzera anthu a laputopu a m'tauni. Pa kafoni kanga kong'aluka galasi, zilembo zinkathawira m'mbali. Phunziro lililonse linali vidiyo yaitali, ndipo bandulo yonse inkatha vidiyoyo isanafike pakati. Zowawitsa zenizeni zinali mayeso: uli mkati moyankha netiweki yadula, wotchi ya pa tsamba ikungowerengabe, pobwerera wapeza zonse unalemba zafufutika. Ndinalemba sapu pa phunziro limene ndinkalidziwa bwino lomwe. Usiku umenewo ndinauza bambo a kunyumba kuti basi, mutu wanga wakalamba.

Amene anandibweza ndi alamu anga a ku Mitundu. "Alamu, vuto si mutu wanu ayi," anatero, n'kundilumikiza ndi aphunzitsi anzanga a kumeneko amene ankalira chimodzimodzi. Loweruka ndinkakwera kabaza wa njinga yamoto, tikakumane pa sitolo ya sola ya alamuwo pafupi ndi msika. Mmodzi akakopera notsi, tonse tinkagawana pa Bluetooth osawononga yuniti. Kenako tinalemba kalata imodzi ya madandaulo yopita ku yunivesite, aliyense n'kusayinapo.

Ndisaname, anatimvera, ngakhale mochedwa. Notsi zinayamba kubwera zolembedwa, zopepuka, zoti ukakopera kamodzi uziwerenga ngakhale kulibe netiweki. Mphunzitsi wina ankatumiza mawu ojambula pa WhatsApp, ndipo ndinkamvetsera ndikutsuka mbale. M'malo mwa mayeso a wotchi aja, anatipatsa ntchito yolemba n'kutumiza pakatha masiku angapo. Malikisi anga anakwera, chonsecho munthu ndinali yemwe uja, foni yomwe ija.

Digiri ndinalandira, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma ena a m'gulu lathu anali atasiya kale zinthu zisanakonzedwe, ndipo anali anzeru kundiposa. Inu akuluakulu a mayunivesite, musanatipatse tsamba latsopano, yambani mwaliyesa pa foni yotchipa kuno ku Nathenje.